Mivi ya Mayi

Apongozi anga aamuna sangaone chitsulo chosapaka penti n'kupeza tulo. Moyo wawo wonse anali wopenta nyumba za anthu, ndipo atapuma pantchito bulashi sinapume nawo. Pakhomo pawo geti ndi lopaka, ndowa ndi zopaka, wilibala ndi yopaka, ngakhale msomali wokolekapo chipewa unalandira gawo lake. Iwo amati chitsulo chosapaka chili maliseche, ndipo munthu waulemu sasiya chinthu chili maliseche pakhomo pake. Ine ndikapita kumeneko zida zanga sindizisiya patali, chifukwa sipanala ina imene ndinaiwala pakhonde inabwerera kwathu ili yobiriwira.

Ndine mkamwini wawo, ndipo ntchito yanga ndi yokonza zamagetsi m'galimoto. Choncho foni italira m'mawa wa tsiku lija, ndisanasukusule n'komwe, ndinadziwiratu kuti nkhani yake ndi ya Dona.

Dona ndi galimoto yawo. Ndi yakale kuposa mkazi wanga, ya mabampa onyezimira, giya lake lili pachiwongolero, ndipo mpando wakutsogolo ndi umodzi wautali ngati benchi. Dzinalo anaipatsa ndi Mayi, apongozi anga aakazi, amene ankati ameneyu ndi mkazi mnzawo wosaphika koma wodya kwambiri. Inakhala m'galaja zaka zambiri matayala ataphwa, akangaude atamanga mudzi pagalasi. Bambo anayamba kuidzutsa Mayi atangogonekedwa m'chipatala ndi sitiroko. Masana ankakhala pambali pa bedi, akabwerako n'kulowa m'galaja.

Mwendo wa Mayi unali utayamba kumvera, moti ankayenda ndi ndodo. Dzanja nalo linkabwerera pang'onopang'ono. Chimene chinakana ndi mawu. Ankamva zonse, ndipo maso awo ankakalipa monga kale, koma akati ayankhule pakamwa pankangotuluka mpweya. Dokotala anatiuza kuti nthawi zina mawu amabwerera kudzera pa zinthu zimene munthu anazolowera kunena osaganiza. Mkazi wanga anayesa nyimbo zimene Mayi ankaimba pochapa, anayesa maina a adzukulu, koma ayi ndithu. Tsiku limeneli ndi limene ankatuluka m'chipatala, ndipo anatiuza kuti tikawatenge masana.

"Akamwini, bwerani msanga," anatero Bambo pafonipo, moni osapereka. "Mivi yafa."

"Mivi yake iti, Bambo?"

"Ya amayi anu. Yonse itatu."

Apa ndiyenera kufotokoza, chifukwa banja limene ndinakwatirako lili ndi kayendetsedwe kakekake ka galimoto. Bambo sayang'ana padashibodi. Amati maso a dalaivala ndi a msewu, ndipo wogawa maso pawiri amathera m'ngalande. Chikwatiranireni, ntchito yoyang'ana mageji inali ya Mayi. Iwo sanagwirepo chiwongolero, koma ankakhala chopendekera kwa amuna awo, chikwama pamiyendo, maso ali pa mivi itatu: wa mafuta, wa kutentha kwa injini, ndi wa oyilo. Nkhani ili mkati, kaya ndi ya ukwati wa mwana wa achemwali awo, ankangoidula pakati n'kukuwa kuti, "Mafuta, inu!" kapena "Yatentha!" kenako n'kupitiriza pamene analekezera. Mkazi wanga akuti ali mwana ankaganiza kuti galimoto iliyonse imafunika mayi kuti iyende.

Ndiye Bambo anali ndi dokotala wawo m'mutu. Ankakhulupirira kuti Mayi akangokhala pamalo awo, mivi ija ikuyenda pamaso pawo, pakamwa patseguka. Ine kunena zoona ndinkakayika, ndipo ndinkaopa kuti nkhalambayi ikasweka mtima. Koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndinanyamula thumba la zida, mkazi wanga anavala, tinanyamuka.

Tinapeza chitseko cha galaja chili chotsegula, Dona ili waliwali. Anaipaka mtundu wa mtambo wa m'mawa, denga loyera, ndipo munthu ukanatha kupesa tsitsi pachitseko chake. Bambo anali chiimire pambali pake atavala kale malaya oyera okatengera Mayi, koma nkhope ili ngati ya munthu amene wataya mbuzi.

"Injini ikulira bwino, mabuleki akugwira, nyale zikuyaka," anatero. "Dzulo ndinaithira mafuta mpaka kukhosi. Koma taonani."

Anapotokola kiyi. Injini inadzuka kamodzi n'kamodzi, ikulira mofatsa. Mivi itatu ija inangogona kumanzere, phee. Bambo anagogoda galasi la geji ndi chala, monga amachitira aliyense amene sadziwa chochita, koma palibe muvi umene unayankha.

"Bambo, tingotenga galimoto yathu," anatero mkazi wanga. "Chachikulu n'chakuti Amayi afike kunyumba. Ndiponso dokotala anati mwina, sanati ndithu. Musadzipweteke mtima."

"Iwe ukawatenga pa galimoto yako yolankhula yokha ija, amayi ako akachita chiyani mmenemo? Akangokhala ngati katundu? Ine ndikawatenga pa Dona, mivi ikuyenda."

Mkazi wanga anandiyang'ana ndi maso akuti, ndiwe unadzitama kuti umadziwa magetsi. Ndinavula jekete.

Mageji onse akafa pamodzi, munthu umayamba ndi chimene amadyera limodzi. Ndinatsegula kabokosi ka mafyuzi. Onse anali amoyo, koma ndinasinthabe ya mageji kuti mtima ukhale pansi. Palibe chinasintha. Ndinatulutsa tesita yanga, kababu kokhala ndi msomali kutsogolo ndi waya kumbuyo, n'kugona chagada pansi pa dashibodi, mutu uli pa mapedulo, miyendo ili panja. Amene anapanga galimoto zakale ankaganiza kuti okonza ake adzakhala opanda msana.

"Ndiunikireni apa, Bambo."

Tochi inaunika kwina.

"Apa, Bambo, pamene pali dzanja langa."

"Ndamva. Koma mwaona mmene yasalalira ngodya iyo? Pamenepo ndinachita kugwiritsa bulashi yopentera zilembo."

Ndinameza mawu. Mkamwini ali ndi malo ambiri osungiramo mawu, ndipo tsiku limenelo onse anadzaza. Ndinagunditsa tesita kuseri kwa geji iliyonse, ndipo kababu kanayaka ponseponse. Magetsi ankafika. Ndinatuluka, ndinapita kuthanki, ndinazula waya wa fuloti, kachipangizo koyandama kamene kamauza geji kuchuluka kwa mafuta, n'kumugunditsa kuthupi la galimoto. Ukatero muvi umayenera kuthamangira kumapeto ngati thanki yadzaza.

"Wasuntha?" ndinakuwa.

"Uli gone!" anayankha mkazi wanga ali pampando wa dalaivala.

Apa thukuta linayamba kutsika mumsana. Ngati magetsi akufika koma mivi siikuyenda, ndiye kuti mwina mageji enieniwo anapsa mkati. Mageji a galimoto ya msinkhu wa Dona sugula pasitolo. Umachita kufunsa kwa anthu osunga zakale, n'kudikira mpaka tsitsi kumera imvi. Dzuwa linali litakwera, mthunzi wa galaja ukubwerera kukhoma. Ndinayang'ana Bambo. Anali atakhala pa chitini cha penti, manja ali pakati pa maondo, malaya oyera aja atayamba kuda m'mikono. Ndinawamvera chisoni kwambiri, moti ndinalakalaka ndikanakhala wokonza nsapato.

"Zakanika eti?" anafunsa motsitsa.

"Sizinakanike, Bambo. Zikungochedwa kuvomera."

Mkazi wanga anati atuluke kuti akatipangire tiyi, ndipo potembenuka chigongono chake chinagunda kandodo ka indiketa. Indiketa inayamba kulira, thi, thi, thi.

"Ee! Taonani! Ikuvina!"

Tinathamangira pawindo, mitu yathu n'kugundana. Mivi itatu yonse inkadumpha pamodzi motsatira indiketa, kukwera pang'ono n'kugwa, kukwera pang'ono n'kugwa. Bambo anagwira pakamwa. Ine ndinaseka mokweza, chifukwa gule ameneyu ndimamudziwa.

"Mageji ndi amoyo, Bambo! Vuto ndi ethi."

"Ndiye kuti chiyani?"

Ndinawafotokozera kuti magetsi a galimoto amachoka kubatire kudzera m'mawaya, koma pobwerera amadutsa m'chitsulo cha thupi la galimotoyo. Njira yobwererayo ndi imene timaitcha ethi. Ikatsekeka, magetsi amasowa kolowera, amayamba kudutsa m'nyumba za eni, ndiye geji ya mafuta imavinira nyimbo ya indiketa. Ndinatenga waya wautali, mbali ina ndinamangirira kubatire, inayo ndinagunditsa kuchitsulo cha kuseri kwa mageji. Muvi wa oyilo unadzuka nthawi yomweyo n'kuima pakati. Wa kutentha unayamba kukwawa pang'onopang'ono. Mkazi wanga anaomba m'manja.

Chinatsala n'kupeza pamene njira yeniyeni inatsekekera. Ndinagonanso chagada, ndinatsatira waya wakuda ndi zala kuchoka pa mageji mpaka pamene anamangidwa ndi bawuti kuchitsulo, m'kati mwenimweni, kumene ngakhale mphemvu imafika itasochera. Tochi nditaigwira ndekha, ndinaona. Bawuti inali ya mtundu wa mtambo. Chitsulo cha pansi pake chinali cha mtundu wa mtambo. Nditamasula, ndinapeza kuti ngakhale kamphete ka kumapeto kwa waya kanali kopakidwa mbali zonse ziwiri, mosamala, popanda ndi kadontho komwe.

Ndinakhala kaye pansipo ndikuganiza. Kuuza munthu wamba kuti walakwitsa n'kosavuta. Kuuza apongozi kuti ntchito imene amanyadira ndiyo yapha mivi ya akazi awo kumafuna kuyamba wayala mphasa.

"Bambo," ndinatero ndili chigonere, "kuseri kunonso munafikako?"

"Ndinafikako! Ndinamasula chilichonse, kupala, kupaka wapansi, kupaka wapamwamba kawiri, n'kudikira ziume ndisanamange."

"Koma kuno sikuoneka."

"Dzimbiri silifunsa ngati pakuoneka, akamwini."

"Zoona zimenezo. Ndipo ntchitoyi ndi yaukhondo, sindinaonepo. Kungoti penti wanuyu ndi wabwino kwambiri. Madzi sadutsa, dzimbiri silidutsa." Ndinatsokomola. "Magetsi nawonso sadutsa."

Kenako ndinamva mkazi wanga akuyesa kubweza phwete, n'kulephera. Anaseka mpaka anakhala pa tayala lakale, misozi ili mbwembwembwe, akuloza bambo ake osatha kutulutsa mawu. Ine ndinatuluka pansi paja mwaulemu wonse, nkhope nditaimanga, ngakhale nanenso ndinkafuna kuseka.

"Ndiye mukuti wapha mivi ndine?" anafunsa Bambo.

"Sinafe. Mwangoiveka zovala zambiri. Pakufunika kupala pang'ono, chitsulo chigundane ndi chitsulo chinzake."

"Chikhale maliseche."

"Kamalo kochepa, Bambo. Ngati batani la jekete."

Anayang'ana Dona kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, milomo ikugwedera. Kenako nawonso anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wapeza chipewa chimene amafunafuna chili kumutu.

"Amayi anu akanakhala pano bwenzi nditamva zanga," anatero akupukuta m'maso. "Bweretsani sandipepayo. Penti wanga ndipala ndekha."

Anavula malaya oyera aja, anawakoleka pamsomali wopaka, n'kugona pamene ndinagona ine. Ndinawagwirira tochi, ndipo ndinaunika pamalo oyenera kuti aone mmene zimakhalira. Ankapala akudandaula ngati akuchotsa khungu lawo lomwe. Chitsulo chitayera, ndinamanga waya uja n'kupakapo girisi pamwamba, nditawalumbirira kuti girisi nayenso ndi chovala. Tinaliza injini. Wa oyilo unadzuka, wa kutentha unadzuka, koma wa mafuta unangogwedezeka n'kugonanso.

"Thanki nayonso munaipaka?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Nanga thanki si chitsulo?"

Ndinawaonetsa pamene fuloti imakhudzana ndi thanki, ndi pamene thanki imakhudzana ndi thupi la galimoto. Ndinati ndigwade ndipale, koma anandigwira paphewa.

"Apa ndiye ndadziwa. Inu pitani mukasambe m'manja, mumwe tiyi. Simungakaonekere kwa amayi anu muli ngati mwatuluka m'chumuni."

Tinalowa m'nyumba. Titabwerako patapita kanthawi, Bambo anali atavalanso malaya awo, akutseka buti, ndipo m'galaja munkanunkha petulo kwambiri. Ndinaganiza kuti ndi chifukwa chogwiragwira thanki. Anapotokola kiyi, ndipo mivi yonse itatu inanyamuka. Koma wa mafuta unangokwera pang'ono, n'kuima pamwamba penipeni pa mzere wofiira.

"Iyayi, pakadali vuto," ndinatero. "Mwati munadzaza dzulo. Geji iyi ikunama."

"Siikunama."

"Bambo, ndipatseni kanthawi kochepa ndione fuloti."

"Akamwini, nthawi yatha. Kwerani."

Ndinakwera kumbuyo ndi mkazi wanga mtima ukuwawa. Ntchito yosatha imandiyabwa, ndipo njira yonse ndinkangowerenga m'mutu zimene ndikanayesa.

Kuchipatala tinapeza Mayi atakhala kale pabenchi ya pakhomo, namwino ali pambali, chikwama chili pamiyendo. Anali ataonda, koma duku analimanga mwa kale lomwe, lopendekera kumanzere. Ataona Dona ikukhota, anatsegula maso kwambiri. Anayang'ana galimoto, anayang'ana amuna awo, ndipo mbali imodzi ya pakamwa pawo inakwera m'mwamba.

"Mkazi mnzanu wabwera kudzakutengani," anatero Bambo akutsegula chitseko. "Wati kunyumba kwasowa womulongolola."

Tinawathandiza kukhala kutsogolo. Palibe amene anawauza chochita. Galimoto isanatuluke n'komwe pageti, Mayi anali atapendekera kale kwa amuna awo, chikwama atachikumbatira, maso ali pa mivi. Mkazi wanga anandifinya dzanja.

Bambo ankayendetsa mosafulumira, maso ali pamsewu, akukamba nkhani zopanda mutu: za mpanda wa aneba umene anaupaka osapala, za galu amene anaponda penti wosauma. Patsogolo panaoneka malo omwetsera mafuta. Mayi anayang'ana geji, anayang'ana malowo, anayang'ana amuna awo. Bambo anadutsa.

Muvi unali utagona pa mzere wofiira. Mayi anakweza dzanja lawo labwino n'kumenya pa dashibodi kawiri.

"Mukuona kusalala kwake?" anatero Bambo. "Ndinapaka ndekha pamenepo."

Tinafika pena pomwetsera mafuta. Mayi anawakoka malaya. Bambo anayamba kuimba mluzu, n'kudutsanso. Galimoto itakhota pa ngodya, ndinamva chinthu cholemera chikukhuvuka m'buti, kumbuyo kwa msana wanga. Chinali chigubu. Pamenepo m'pamene fungo la petulo lija linandilowa m'mutu bwinobwino. Geji siinkanama. Nkhalamba ija inatituma kukamwa tiyi kuti ipope mafuta m'thanki.

"Bambo, imani, mukuwavutitsa," anatero mkazi wanga. "Akufuna kukuuzani kuti..."

Ndinamugwira bondo, ndinapukusa mutu. Anandiyang'ana mokwiya, ndipo ine ndinaloza kubuti ndi chala chachikulu. Anamvetsera kukhuvuka kuja, n'kugwira pakamwa.

Mayi anali atafiira m'maso. Milomo inkagwirana n'kulekana. "Mm... mm..."

"Mwati chiyani, mayi?" anafunsa Bambo osatembenuka. Mawu awo anali osewera, koma ndinaona zala zawo zitauma pachiwongolero. "Ine maso anga ali pamsewu. Za mmenemo sindiziona."

"Mma..."

Patali panaoneka denga la malo ena omwetsera mafuta. Kupitirira pamenepo msewu umakwera chitunda chachitali, chopanda nyumba. Bambo sanachepetse liwiro. Ine ndinapezeka ndikutafuna mawuwo pakamwa panga ngati ndingawakankhire kutsogolo. Tinafika pokhotera. Tinayamba kupitirira.

"Mafuta!"

Linatuluka lokhota pang'ono, lolemera, koma linali liwu la Mayi, lomwe lija lodula nkhani pakati.

"Mafuta, inu!"

Bambo anaponda buleki mwamphamvu moti chigubu chija chinagunda mpando. Anabweza galimoto chambuyo, anakhotera pa pampu, anazimitsa injini. Kenako anatsamiritsa chipumi pachiwongolero, mapewa akugwedezeka. Sindikudziwa ngati ankaseka kapena kulira, ndipo ndikukhulupirira kuti iwonso sankadziwa. Mkazi wanga anakumbatira amayi ake chakumbuyo, pamodzi ndi mpando womwe, akulira mokweza. Inenso sindibisa, ndinalira, ndipo ndinapukuta m'maso ndi nsanza ya girisi imene inali m'thumba.

Mayi okha ndi amene sanalire. Ankatiyang'ana tonse ngati anthu opanda nzeru amene atsala pang'ono kugona panjira.

Wothira mafuta anafika pawindo, mayi wa yunifolomu yofiira, n'kusuzumira mkati modabwa. "Kwagwanji, bambo? Tithire bwanji?"

Bambo anadzutsa mutu, nkhope yonse itanyowa. "Musafunse ine. Ine ndimangoyendetsa. Funsani eni mivi."

Wothira mafuta uja anayang'ana Mayi. Mayi anakoka mpweya, milomo inayamba kufunafuna. Zinatenga nthawi. Kumbuyo kwathu galimoto ina inaliza hutala, koma palibe amene anatembenuka, ndipo palibe amene anawathandiza.

"Dza..." anatero Mayi. "Dzazani."

Thanki itadzaza, Bambo analiza injini. Muvi unanyamuka pa mzere wofiira, unadutsa pakati, n'kukaima kumapeto. Mayi anauperekeza ndi maso mpaka unafika, kenako anakonza chikwama pamiyendo n'kugwedeza mutu kuti tizipita.